Ndinadzitsekera Kunja kwa Seva ya ku Mchinji

Anzanga, mukandiona ndikuyenda motsimphina musafunse zambiri, ndatopa. Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a kabungwe kena ka alimi a mtedza. Ine ndimakhala ku Lilongwe, koma seva yathu, kompyuta imene imagawira ena onse imelo ndi intaneti, ili ku ofesi ya pa Mchinji boma. Ndimailamula ndili pampando wanga, kudzera pa netiweki.

Ndiye Lachiwiri m'mawa akundiimbira Mayi Nkhoma, oyang'anira ofesi ija. "Achimwene, imelo sikulowa, ndipo lole ya mtedza yaima pa boda, ikudikira chilolezo chochokera ku Chipata."

Ndinati zazing'ono izo mayi, musadandaule. Kungoimitsa pulogalamu ya netiweki n'kuidzutsanso, basi. Ndinalemba stop, n'kudina. Inamvera! Ndikuti ndilembe start, zii. Nanga start'yo ikafika bwanji ku Mchinji netiweki nditaipha ndekha?

Ndinawaimbira Mayi Nkhoma kuti akandilembere mawu amodziwo pa sevayo.

"M'chipindamo ndi mokhoma. Kiyi ali ndi a Tembo adalaivala, apita kumaliro kwa Mlonyeni, ndipo foni kumeneko sigwira."

Ndinakwera minibasi, mwendo wina pa thumba la feteleza wina pa nkhuku za eni ake. Kufika pa boma, kabaza. Fumbi lake lija, malaya oyera anasanduka a katondo. Pa maliropo ndinapeza abusa ali pakati pa ulaliki, a Tembo ali kutsogolo penipeni. Munthu ungakagwire mnzako paphewa n'kunena kuti mundipatse kiyi? Ndinakhala pansi.

Vuto linali tayi imene ndinavala. Oyendetsa mwambo atandiona anangoti, "Tili ndi bwana ochokera ku likulu, kuntchito kwa a Tembo, atilankhule."

Mayo ine! Ndinaimirira. Ndinati bambo amene atisiyawa anali munthu wolimba, mutu weniweni wa banja, mwamuna wosaopa khasu. Anthu anangoweramitsa mitu, azimayi ena akubisa nkhope m'zitenje, ine n'kumati mawu anga awakhudza. Kenaka a Tembo anandikoka buluku.

"Achimwene, malemuwa ndi azakhali anga."

Ndinakhala pansi osamaliza chiganizo. Kiyi ndinalandira maso ali kumbali. Kabaza anali atapita kalekale, moti ndinayenda wapansi mpaka kumsewu, nsapato za muofesi zikundidya zidendene.

Ndikulowa mu ofesi, thukuta kamukamu, ndinapeza Mayi Nkhoma akumwa tiyi, imelo zili mbwee pa kompyuta.

"Iii, pepani, mwavutikiranji? Mutangodula foni magetsi anathima, atabwera zonse zinayamba zokha. Lole ija inadutsa kale, pano ili ku Zambia. Ndinakuimbirani koma simumapezeka."

Ndinatsegulabe chipinda chija, poti kiyi ndinali nditamuvutikira. Seva ili phee, timagetsi take tikuphethira ngati palibe chachitika. Ndinaiyang'ana, n'kukhomanso.

Mpaka lero a Tembo akandiona amandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji amalume a malemu?" Ine ndinalumbira anzanga: chinthu chimene dzanja langa silingachifikire sindidzachizimitsanso, ndipo akadzandiimiritsanso pa maliro a eni, ndidzangoti pepani nonse, n'kukhala pansi.