Dimba langa la mu wadiropu

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pa phwando lililonse ine ndili pomwepo, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi angawa ndisenze ndi mutu wanga.

Zaka zimenezo kupeza nyumba ku Dublin kunali kovuta kuposa kupeza visa. Ukapita kukaona chipinda, umapeza mzere wa anthu ngati pachigayo. Ine ndi mkazi wanga Esnart tinagona pa sofa ya anzathu ku Balbriggan mpaka misana inapindika. Kenako mayi wina wamasiye wachi Irish, Mrs Dooley, anatichitira chifundo. Anatipatsa chipinda chapamwamba m'nyumba mwake ku Beaumont, pafupi ndi chipatala chomwe Esnart amagwirako unesi.

Lamulo lake linali limodzi, ndipo analinena chala chili m'mwamba: "Two people only!" Akangolowa wachitatu, tonse panja.

Vuto linali lakuti wachitatuyo anali kale m'njira. Esnart anali woyembekezera, ndipo pathupipo tinkabisa ndi jekete yaikulu ya winter. Ndinkaopa tsiku lomwe zipi idzakane kutseka.

Pathupi paja panabweranso ndi zofuna zake. Nkhuku ayi, chips ayi. Esnart ankafuna luni, wotendera, ngati wa kwawo ku Ntcheu. Ndikagula spinach ankangomuyang'ana ngati wamulakwira.

"A Mbewe, ndikanangolawako luni kamodzi kokha, mtima ukanakhala pansi."

Apa ndiulule. Ine ndinabadwira ku Ndirande, ndipo luni ndinkamudziwa ali m'mbale, atapsa kale. Koma pofunsira mbeta ndinanena kuti ndine mwana wa mlimi, khasu ndinaligwira ndisanamere mano. Bodza limenelo linali lisanaululike.

Ndinaimbira apongozi mwachinsinsi. Iwo anapatsira njere za luni bambo mfumu wina wa kutchalitchi kwathu amene ankabwerera kuchokera kutchuthi kumudzi. Njere zinafika bwinobwino. Chomwe chinasowa ndi dzuwa, pakuti mu November dzuwa la ku Dublin limangosuzumira n'kuthawa.

Pa intaneti ndinapeza anyamata ophunzitsa kulima m'nyumba ndi mababu wamba a LED. Ndinaona ndithu kuti mbewu yawo inali ina ija yotchuka ku Nkhotakota, koma ndinati magetsi sasankha mbewu. Ndinakhuthula wadiropu yanga, n'kumata foil ya kukhitchini mkati monse. Mababu ndinawapachika pa ndodo ya mahang'ala, mawaya ndinalumikiza ndekha ndi tepi, n'kuikamo kafani. Zonsezo pa extension imodzi. Ndinkadziona ngati injiniya.

Kunatsala dothi. Ku shopu ndinapeza akugulitsa dothi m'matumba. Ndinaseka ndekha! Mwana wa ku Malawi kugula dothi ndi ndalama? Kwathu atamva akhoza kundipempherera. Mrs Dooley atapita ku Misa, ndinatenga chipande ndi ndowa n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Pafupi ndi mpanda, pomwe panali kamngelo kamwala, dothi lake linali lakuda, lofewa bwino. Ndinatapa ndowa yodzaza n'kusalaza pamwamba. Dothilo ndinaligawa m'mapoto n'kudzalamo njere zija.

Wadiropu ndinkaikiya, m'mipata ndinatseka ndi masokosi.

"Muli chiyani umo?" anafunsa Esnart.

"Mphatso yanu ya Christmas, mayi."

"Mphatso yanji yolira ngati fridge?"

"Dikirani, mudzandithokoza."

Ndipo zinamera! Timasamba tokhala ngati zala za dzanja, tobiriwira mochititsa kaso. Ndinali nditamvapo kuti luni masamba ake ndi a zala. M'mawa uliwonse ndinkathirira, kulankhula nazo, mwina kuziimbira kanyimbo ka kwaya. Ndinayamba kuyenda ngati mwini esiteti.

Dyera ndi lomwe linandipweteka. Tsiku lina m'mawa, Esnart asanabwere kuchokera ku night shift, ndinaona kuti mbewu zanga zikumva kuzizira. Ndinawonjezera mababu ena ndi ka heater pa extension yomwe ija.

Phwaa! Nyumba yonse zii.

Ndisanazimitse n'komwe kautsi, chitseko chinatseguka. Mrs Dooley, wopanda magalasi ake, ketulo ili m'manja. Anayang'ana foil, mawaya, fani, kenako masamba a zala aja.

"Jesus, Mary and Joseph! Gift, ichi n'chiyani?"

Tinkalankhula Chingerezi, koma ndikupatsani m'Chichewa kuti mumve bwino uchitsiru wanga. Ine ndinaganiza kuti mayiyo wadabwa ndi luso.

"Musadandaule mayi, kwathu aliyense amalima. Kuseri kwa nyumba iliyonse mumamupeza."

"Njere unazitenga kuti?"

"Bambo mfumu anandibweretsera mu sutikesi."

"A priest?"

"Eya! Nawonso amamukonda zedi. Ndawalonjeza kuti ndikakolola ndiwapatsako kaphukusi."

Mayiyo anaika ketulo pansi.

"Mkazi wako akudziwa zimenezi?"

"Ndikulimira iyeyo! Tulo sapeza chifukwa chomulakalaka. Zikachuluka ndigawirako anesi anzake, kuti azipeza mphamvu pantchito."

"Anesi!"

"Ngakhale ana timawayambitsa ali aang'ono. Poyamba amakana, amati akuwawa, koma amazolowera."

Mrs Dooley anachita chizindikiro cha mtanda n'kutsika masitepe chammbuyo. Ine ndinatsala ndikumwetulira, n'kumaganiza kuti ndidzamupatsako mbale imodzi alawe.

Sipanapite nthawi, pakhomo panaima galimoto. Analowa wapolisi wamtali, amene kuno amati garda. Apo m'pamene nzeru zinabwerera m'mutu mwanga, zonse pakamodzi, pamodzi ndi anyamata a pa intaneti aja. Ndinaona ndende. Ndinaona bambo mfumu ali mu unyolo. Koma chimene chinandiwawa kwambiri chinali kuona Esnart, ndi pathupi pake, akubwerera pa sofa ya ku Balbriggan chifukwa cha ine.

Garda anandinyamulitsa mapoto onse kukaika pa tebulo la kukhitchini, pomwe panali kuwala kwa pawindo. Nthawi yomweyo Esnart anatulukira. Ataona galimoto ya apolisi anathamanga, n'kuiwala kutseka jekete. Mimba yonse poyera! Zinsinsi ziwiri pa tebulo limodzi.

Garda anathyola tsamba, kulifikisa, kulinunkhiza. Anandiyang'ana ngati ndamutayitsa nthawi.

"Ichi si chamba."

"Ndimanena ine!" ndinakuwa. "Ndi ndiwo! Ndi luni! Mayi, auzeni. Surprise yanu ija ndi imeneyi!"

Esnart anawerama, anagwira tsamba, ananunkhiza. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Mbewe, luni wa kuti ameneyu?"

"Wa ku Ntcheu, mayi."

"Luni zala zake n'zisanu. Izi mwaziwerenga? Luni amanunkha uli pakhomo. Mwana wa mlimi uja ndi ameneyu?"

Kunapezeka kuti njere za apongozi sizinamere ngakhale imodzi. Masabata onsewo ndinkalera chinthu chomwe chinabwera chokha ndi dothi.

"Ndiye ngati si chamba, si ndiwo, n'chiyani?" anafunsa garda.

Mrs Dooley anapeza magalasi ake pamwamba pa fridge. Atavala, anayandikira n'kuyang'anitsitsa masambawo.

"Lupins," anatero motsitsa mawu. "Awa ndi maluwa a Frank, malemu mwamuna wanga. Gift, dothi ili unalitenga kuti?"

"Kuseri, mayi. Pa kamngelo paja."

Mayiyo anakhala pampando. Anatifotokozera kuti Frank atamwalira, thupi lake analitentha monga amachitira ena kuno, ndipo phulusa lake analimwaza pa bedi la maluwa ake, pomwe pali kamngelo.

Garda anavula chipewa.

Abale inu! Kwathu mwana akangoloza kumanda amadziluma chala. Ine ndinafukula ndi chipande, kunyamula malemu m'ndowa, kukwera nawo masitepe, kuwagoneka pafupi ndi bedi langa, kumawathirira madzi ndi kuwaimbira kwaya!

Esnart anagwira pakamwa.

"Ndiye inu a Mbewe, mumafuna ndidye amuna a eni ake otendera?"

Mapewa a Mrs Dooley anayamba kugwedezeka. Ndinati basi, tilongedze. Ndinagwada pansi pomwepo, manja pamodzi, kupepesa m'zilankhulo zonse zomwe ndimadziwa. Koma nditadzutsa mutu ndinaona kuti mayiyo akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Frank ankadana ndi kuzizira moyo wake wonse," anatero akupukuta maso. "Chimwalirireni, maluwa amenewa anakana kumera. Ndimayesa anapita naye. Kani amangofuna heater!"

Anasisita tsamba limodzi ndi chala, mofatsa. Kenako anatembenukira kwa Esnart.

"Iwenso mwana wanga, usaganize kuti jekete ija imandipusitsa. Ndinabereka ana anayi ine."

"Mayi, lamulo lija la two people only..." ndinayamba, ndikadali chogwada.

"Inu ndi Frank mwakhala kale atatu m'chipindamo, ndipo sindinamve dandaulo. Frank atsike abwere pawindo langa, mwanayo atenge malo ake. Koma iwe Gift, ukadzagwiranso waya m'nyumba muno, ukagona ndi kamngelo panja."

Garda anatuluka akupukusa mutu. Ndikukhulupirira kuti ku station kwawo amandikambabe.

Mwana anabadwa wamwamuna. Apongozi anatumiza maina atatu okoma a kwathu, koma Mrs Dooley anali ataluka kale kajuzi kolembedwa dzina pachifuwa. Tikanatani? Mnyamatayo ndi Frank, ndipo nayenso amadana ndi kuzizira.

Kudziko la eni dothi uzigula ndithu, pakuti laulere limakhala ndi mwini wake mkati momwemo.