Mano Munandimata Aja Akukana Lipenga

Kwa Bwana Mkulu,
Chipatala cha Mano cha Mwetulirani.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pamaso panu kudzera m'nyuzipepala, popeza ndikafika pakhomo penipenipo mlembi wanu amandiuza mwaulemu kuti mwangotuluka kumene. Mumatuluka kwambiri, bwana. Mulungu akusungireni miyendo.

Ine ndine woliza lipenga m'bandi ya pahotela, uja ndinabwera kwanu ndi dzino limodzi lobenthuka pang'ono. Mkulu wa bandi anali atanena kuti tijambulidwa chithunzi cha pachikwangwani, ndiye dzinolo likonzedwe. Dokotala wanu atandiyasamitsa anapukusa mutu mwachisoni, nati dzino limodzi loyera lingasungulumwe pakati pa anzake achikasu. Motero anapala mano onse asanu ndi limodzi akutsogolo n'kuwamata timatailosi toyera timene mumati mavenia. Ndinamuchenjeza kuti ine ndimadyera mlomowu. Anandiyankha kuti aliyense amadyera mlomo.

Lolani tsono ndithokoze chimodzichimodzi.

1. Zikomo chifukwa cha kuyera. Pamoyo wanga sindinakhalepo ndi chinthu choyera chonchi, ngakhale malaya. Alamu anga, amene samayamikira zinthu wamba, akuti ndikamwetulira ndimaoneka ngati ndaluma sosala.

2. Zikomo chifukwa simunaumire. Ena akanandipatsa timavenia topyapyala, koma inu munandimata ochindikala, oti mlomo wam'mwamba sukumananso ndi mnzake wam'munsi. Mwina kusukulu ya mano saphunzitsa izi: lipenga silirira mpweya wokha. Mlomo umatsamira pa mano n'kumanjenjemera, ndipo wangawu unali utadziwa pokhala pake kuyambira ndili mnyamata. Lero ndikauzira, chimatuluka ndi kulira kwa mbuzi yotsamwidwa. Pa ukwati wina agogo a mkwatibwi anatumiza munthu kukaona ngati kukhitchini kuli bwino.

3. Zikomo chifukwa cha guluu wanu wodziwa kumasula. Pa ukwati womwewo, ndikukoka mpweya kuti ndikweze nyimbo, venia mmodzi anachoka, ine n'kumumeza. Mlembi wanu anandifotokozera modekha kuti mumakonza ulere pokhapokha munthu akabweretsa venia wochokayo. Ndinayesetsa, bwana. Mundikhululukire, sindifotokoza.

4. Pamene panachoka veniapo ndi pamene ndinaona ntchito ya dokotala wanu: kachitsa kosongoka, kamene kamandidzutsa pampando tiyi akangokakhudza. Anzake asanu otsalawo ali chimodzimodzi kunsi kwa matailosi awo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinkayesa amanena za akazi ndi andale, osadziwa kuti amanena za m'kamwa mwanga.

Chithunzi chija chinajambulidwa venia asanachoke, ndipo chinatuluka bwino zedi. Chapachikidwa pakhomo la hotela. Ndikuoneka ngati katswiri, lipenga m'manja, mano mbee. Ubwino wa chithunzi ndi woti sichimveka.

Koma mkulu wa bandi ali ndi makutu. Wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti ndiyambirenso kuliza ngati kale. Woimba kiyibodi wapeza kale batani lotulutsa mawu a lipenga, ndipo amalidina akundiyang'ana. Dokotala wina wati angathe kuchotsa matailosiwa n'kuika opyapyala, mlomo n'kubwerera pamalo pake, koma akufuna ndalama, ndipo ndalamazo zili kwa inu. Zinachokera ku makina osokera a mayi akunyumba, amene anawagulitsa kuti mwamuna wawo asachite manyazi pachikwangwani. Amangosesa pakona pamene pankakhala makinawo kawirikawiri kuposa pena paliponse m'nyumba. Ndili ndi mantha, bwana. Ntchito ina sindiidziwa.

Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pempho langa ndi laling'ono: mundibwezere ndalama zanga mwezi usanathe. Zikakhala kuti zinapita kale ku matayala a galimoto yanu, mundibwezere mano anga akale, ndi lobenthuka lija lomwe, poti ndimakhulupirira kuti chipatala chadongosolo ngati chanu chimasunga fumbi la mano a odwala ake.

Zonsezi zikakanika, sindidzadandaula. Ndikungopempha chilolezo chimodzi. Mkulu wa bandi akuti ndiziyeserera tsiku lililonse, koma anansi anga andiletsa, ati ana awo akulota zoopsa. Ndaona kuti kunja kwa chipatala chanu, pansi pa windo la chipinda chodikiramo odwala, pali benchi yabwino ya mthunzi. Kuyambira Lolemba ndizikhala pamenepo ndi lipenga langa kuyambira potsegula mpaka potseka. Nyimbo ikatha ndizimwetulira aliyense wolowa, ndipo wondifunsa ndizimuuza mosabisa amene anandikongoletsa chonchi. Simudzandilipira kanthu. Ndipo poti mumatuluka kawirikawiri, bwana, ndikukhulupirira kuti potsiriza tidzaonana.

Ine wanu womwetulira usana wonse, poti pakamwa sipatsekeka,

Woliza lipenga, mpaka kutha kwa mwezi uno.