Tsiku limene mwala wa mlamu unapuma pantchito

Amene mumakonda kuseka munthu wamkulu, sendezani mipando. Chala changa cha mkombaphala n'chosupuka mpaka lero. Nkhani yake ndi yamanyazi, koma ndinene msanga: wopambana ndinali ine!

Ndili ndi galimoto yakale yoyenda m'matope ndi m'miyala, kuno ku Bangwe amaitcha Njovu. Chitunda imakwera ngati ikupita kwawo. Vuto linali kuima. Mabuleki akumbuyo anamwalira kalekale, akutsogolo nawo ankagwira ukawapopa uku ukuwanyengerera. Ndiye tinali ndi dongosolo: mlamu wanga Yohane ankakhala pafupi ndi chitseko atafungatira chimwala. Ndikangokuwa kuti "Mwala!" iye n'kudumpha, n'kuuponya patayala.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anakwerapo kamodzi. Tinabwerera chambuyo mpaka mumpanda wa eni ake. Anatsika, nasasa chitenje.

"Akamwini, bokosi ndidzalowa tsiku langa likadzakwana. La matayala ili ayi."

Mawu amenewo anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinalumbira kuti mayi amenewa adzakweranso, ndipo adzayamika ndi pakamwa pawo.

Ndinapita ku Ndirande, kumene ukhoza kugula ndege m'zidutswazidutswa. Ndinapeza difu yathunthu, chitsulo chonse chogwira matayala akumbuyo, ma ekiselo onenepa ngati mkono wa wogaya chimanga, komanso mabuleki a madisiki m'malo mwa madiramu anga adzimbiri. A Jafali, makaniko wanga, anaikweza Njovu pazitsa, nachotsa zakale, namanga zatsopano. Pochotsa mpweya m'mapaipi anandikhazika pachiwongolero.

"Popani, bwana! Popani! Gwirani! Ndati gwirani, osati kuvina!"

Atamaliza anati, "Iyi mukaponda, ntchentche ya pagalasi ikomoka. Kawauzeni kunyumba."

"Ayi, a Jafali," ndinatero. "Ndi sapulayizi."

Loweruka kunali chinkhoswe cha mng'ono wa mkazi wanga ku Zingwangwa. Mvula inali itagwa, maminibasi odzaza mpaka kondakitala panja. Apongozi analibe kolowera. Anakwera kumbuyo nkhope ili gwaa.

"Yohane, mwala ulipo?"

"Ulipo, amayi." Anali atauyika pamiyendo, pamwamba pa suti yake yoyera.

Pali mtsetse wina wotsikira kumsika umene masiku onse ndinkautsika ndi giya wani, ngati ndanyamula maliro. Tsikulo ndinaika thiri. Njovu inayamba kuimba.

"Alamu, giya!" anakuwa Yohane.

Ine ndikungomwetulira.

"Bambo a Chisomo, mukutani?" Mkazi wanga wandigwira kolala.

Pofuna kukometsa ndinakuwa, "Gwiritsitsani, muone zimene simunaonepo!"

Abale, ine ndinkanena mabuleki. Iwo anamva za kumwamba.

"Ambuye, landirani mzimu wanga," apongozi anayamba, "koma wa mkamwini uyu muyambe mwaufunsa mafunso!"

Kumsika nako Njovu amaidziwa. Wina anangokuwa, "Njovu yadula chingwe!" Amayi a masamba balala! Akabaza m'ngalande, njinga kumwamba. Bambo wina wogulitsa nsapato anathawa atanyamula yakumanzere yokhayokha.

Yohane sanadikire lamulo. Chitseko bwanthu, iye panja, gubudu gubudu m'matope, mwala n'kuuponya ali chigonere.

Nthawi yomweyo ine ndinaponda.

Tswiii! Njii!

Njovu inaima ngati yaona bwana wake. Patsogolo pathu panali benchi ya tomato, ndipo ngakhale mmodzi sanagwe. Ndinatsika chifuwa patsogolo, kudikira m'manja.

M'manja munaombedwadi, koma osati kuombera ine. Mwala uja unagubuduzika pang'onopang'ono n'kudzatsamira tayala, galimoto itaima kale. Anthu anamunyamula Yohane m'mwamba, matope ali chuuu.

"Yohane! Yohane! Golokipa!"

"Mwana wanga watipulumutsa," apongozi akupukuta misozi. "Iye ndi pemphero."

"Amayi, ndi mabuleki!" ndinakuwa ine.

Msika wonse unafa nacho chiseko. Mayi wa tomato anachita kukhala pansi. "Mabuleki? Pa Njovu? Bambo inu, mantha akusokonezani mutu."

Magazi anandiwira. Ndinagwada ndi suti yanga yomwe, n'kukwawira pansi pa galimoto.

"Bwerani muone! Difu iyi! Ma ekiselo awa! Ndipo mwini wake wa nkhani ndi uyu, disiki iyi!"

Ndinaikhomerera ndi chala.

Disiki imene yangoimitsa Njovu pamtsetse imatentha kuposa chiwaya cha tchipisi. Psss! Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, mutu n'kuwomba difu yatsopano ija, khoo! Ndinatuluka ngati mbewa yothawa utsi, kudumpha ndi mwendo umodzi, chala n'kuchiviika mundowa ya mayi wowaza masamba.

"Madzi angawo ndi a bizinesi!"

Apongozi anabwera pang'onopang'ono. Anawerama, nayandikiza dzanja kutayala osakhudza, pakuti iwo ndi anzeru. Ananunkhiza. Kenako anayang'ana chala changa chikufuka.

"Chitsulo cha ulesi sichitentha," anatero. "Ichi chagwiradi ntchito."



"Yohane, siya mwalawo. Pita kumbuyo, ukudontha. Kutsogolo ndikhala ine." Anakwera, nakonza duku. "Akamwini, tiyeni. Pamphambano paja mukapondenso, ndione bwino."

Ndinayendetsa mpaka ku Zingwangwa chala chili m'mwamba ngati mlongoti wa wailesi, ndikuima paliponse, ngakhale popanda chifukwa. Mwala uja pano ukupsinja pepala la pulasitiki pabenchi ya tomato. Unapuma pantchito mwaulemu.

Kuchinkhoswe ndinavina chala chili chomwecho, chifukwa ndikachitsitsa chinkagunda ngati ng'oma. Amayi a mpingo anagwedeza mitu: "Taonani mkamwini wopemphera, ngakhale povina akuloza kumwamba!"

Apongozi anangoti, "Msiyeni. Lero wakhudza choonadi."

Phunzirani kwa ine, abale: sapulayizi ndi ya keke, ya mabuleki uziyamba walengeza.