Bafa Langa la Mapesi a Mpunga

Ndinene poyamba kuti pansi pa bafalo panalibe cholakwika. Amene anandiseka chaka chimenecho ku Wovwe amakamba za mpanda wokha, za pansi sazitchula.

Ndinkalera zidzukulu zitatu, ana a mwana wanga wamwamuna. Mayi awo, amake Lusekelo, anali namwino ku Boma, mkazi wa ku Dedza wolankhula motsitsa mawu (anthu oterowo ndimawaopa kuposa olongolola). Atamva kuti ana akusamba m'ngalande za sikimu ya mpunga anabwera yekha.

"Amama, madzi aja ali ndi likodzo. Ndikadzabweranso ndikadzapeza alibe posambira, ndidzawatenga."

Kuwatenga! Ndatsala ndi ndani ine, nkhuku?

Ndinkafuna bafa losafuna kukwecha tsiku ndi tsiku, poti msana unali utayamba kale kundivuta. Mmisiri wina anati tipake simenti. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuona kuti theka la thumba lathera kale kwawo. Komanso simenti ikamera ndere imaterera, mwana angaswe mutu. Wina anati tiyale njerwa. Njerwa, kuti zinkhanira zipeze pogona? Ndinawathokoza onse n'kutenga khasu langa.

Ndinakumba dzenje lofika m'mawondo, n'kuthiramo makala, kenako mchenga, pamwamba miyala yaphanthiphanthi ya kumtsinje. Mwala uliwonse ndinkauponda ndi phazi lonyowa ndisanaulole. Ukathira madzi ankangolowa pansi, osasiya chithaphwi, osasiya fungo. Mpaka lero sindinaone pansi pa bafa poposa pamenepo.

Tsono mpanda. A Mwalwanda, oyandikana nafe, anali ndi ng'ombe komanso ankagulitsa nsungwi. Atandiona ndikututa mapesi a mpunga kuchokera kusikimu anaima pamsewu.

"Agogo a Lusekelo, mapesiwo musamangire. Tengani nsungwi."

"Nsungwi za yani?"

"Zanga zilipo."

Ndinaseka chamumtima. Munthu wogulitsa nsungwi angayamikire mapesi? Chifukwa chake sindinafunse n'komwe. Ndinamanga mpanda wanga wokhuthala bwino, wonunkhira ngati nkhokwe yatsopano, n'kusiya kabowo kumbali kuti ndiziona ngati ana akusambadi (mwana amatha kumenya madzi ndi dzanja, n'kutuluka atanyowetsa chipumi chokha).

Dzuwa la Okutobala linafika, msipu wonse n'kupsa. M'mawa wina ndinapeza mpanda wazomoka pangodya. Ndinati ndi ana, ndinawakalipira, iwo n'kukana. Mawa lake wazomoka pena. Ndinati ndi akazi anzanga ansanje, ndipo awiri ndinasiya kuwapatsa moni.

Tsiku limene amake Lusekelo anati abwera, ndinasambitsa ana onse, kenako ndinalowa ndekha kuti mlendo andipeze waukhondo. Nsalu ndinaikoleka pampanda. Sopo ali kumaso, ndinamva kupuma kuseri. Fuu! Fuu!

"Ndakuona!" ndinakuwa (sindinkaona kanthu). "Ndikukudziwa, ndi amako omwe ndikuwadziwa!"

Mpanda unagwedezeka. Ndinatsukuluza m'maso mofulumira, n'kupeza mphuno yakuda yonyowa ili pafupi ndi phewa langa. Ng'ombe ya a Mwalwanda. Kumbuyo kwake zinzake, iliyonse ndi mbali yake, zikudya bafa langa mosafulumira ngati zaitanidwa. Ina inakoka mapesi pamodzi ndi nsalu yanga n'kumapita nayo ikutafuna. (Mwamwayi sinali nsalu ya chipani, bwenzi ine ndi ng'ombeyo tikukayankha limodzi.)

Ndinaziwaza madzi, zinangophethira. Ndinazigenda ndi sopo, ina inamununkhiza. Mbali yoyang'ana kumsewu inagwa yonse. Ndinanjuta, beseni pachifuwa, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona amake Lusekelo ataima ndi chikwama chawo chapaulendo.

Mwana wa eni ake analeredwa. Anatembenuka, kugwada chondifulatira, n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, Amama?"

"Ndili bwino, kaya inu mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Kunyumba kuno kuli bwanji?"

"Tapereka nsaluyo, iwe!"

Anamasula yapamwamba n'kundipatsira chakumbuyo. Mapewa ake ankagwedezeka, koma anati ndi chifuwa cha fumbi la m'basi.

Nditavala ndinakhala pakhonde ndikudikira kuti anene zolongedza ana. Iye anatenga ndowa n'kupita pomwe panali bafa paja. Anathira madzi kuti aone ngati alowa pansi. Analowa. Anathiranso. Analowa. Anavula nsapato, kuponda mwala uliwonse, mpaka kuwerama n'kununkhiza.

"Anakukonzerani ndani pansipa?"

"Manja awa."

"Ngakhale kuchipatala sitili ndi potere. Ana akhale, Amama. Koma mpanda ukhale wa nsungwi."

Madzulo a Mwalwanda anabwera kudzapepesa, atanyamula chotsala cha nsalu yanga, chonyowa ndi dovu. Anati ng'ombe zinathawa mbusa. Ndinalandira kupepesako ndi manja awiri monga mwa ulemu. Koma taganizani nokha: m'mudzi monse mwa Wovwe, ng'ombe za wogulitsa nsungwi n'kudziwa njira ya kubafa kwanga?

Nsungwi ndinagula, inde. Ndinakazigula ku Vinthukutu, kwa munthu wopanda ng'ombe, n'kuzisenza ndekha kudutsa nazo pakhomo pa a Mwalwanda, pang'onopang'ono, kuti azione bwino.