Mabatani Awiri Nthawi Imodzi

Lolemba
Makina afika mu ofesi yathu ya pa Cairo Road. Galasi lakuda, zilembo zobiriwira, chingwe chotsikira ku kompyuta yaikulu ya pansi. Abwana akuti pofika Lachisanu Ba Sakala akhale atawadziwa, apo ayi akayankhe lamya ku nthambi ya ku Chelstone. Ba Sakala ndi ine madesiki athu ayandikana kuyambira chaka chimene mbendera inasintha. Ndikulonjeza kuwaphunzitsa ndekha. Kutaipa amadziwa kale, kwangotsala kusunga zimene ataipa. Nkhani yaing'ono!

Lachiwiri
Ndikufotokoza pang'onopang'ono. Posunga, munthu agwire batani la Control, asalisiye, kenaka adinde K. La Control lokhalo silichita kanthu, limangopatsa linzake udindo wina. Akuvomera ndi mutu. Akudinda Control, akukweza chala mwaulemu, kenaka K. Kubwerezanso, chimodzimodzi. Pofika masana pansi pa galasi palembedwa kkkkkkk. Makina akutiseka.

Lachitatu
Chifukwa chadziwika. Kusukulu ya usekilitale asisitere ankawamenya ndi rula pa zala akadinda mabatani awiri pamodzi, poti zitsulo za taipilaita zimakolana. Inenso rula imeneyo ndikuikumbuka. Takhala tikukumbutsana: fungo la riboni watsopano, kaboni m'zikhadabo, belu lolira pa mapeto a mzere, chipinda chonse chili phokoso ngati mvula pa malata. Phunziro laiwalika. Madzulo ndikuwauza kuti Shift wa pa taipilaita nayenso amagwira ndi mnzake. Akuti, "Shift ni wachibale. Uyu Control sinimuziba."

Lachinayi
Nzeru zanga lero:
Kuwagwirira Control iwo nadinda K. Zikutheka! Koma sindingaime pambali pawo mpaka penshoni.
Kuimba "gwira, dinda, siya". Akuimba bwino, chala chikukwerabe.
Kutsamiritsa sitepula pa Control. Apa chilembo chilichonse chasanduka lamulo. Akukhudza S, galasi lauma gwa. Katswiri wa kompyuta ya pansi palibe, wamva kuti mafuta ophikira afika m'sitolo ya boma, ali pa mzere. Tamudikira mpaka nthawi yoweruka.

Lachisanu
Katswiri akudinda Control ndi Q osakhala n'komwe pansi, makina akudzuka. Sitepula watenga. Abwana akulowa. Ba Sakala akutaipa tsamba lonse popanda cholakwika, msana uli chilili ngati kale. Ndikupemphera. Control. Chala m'mwamba. K.
Kachilembo kamodzi kokha. Abwana akukayang'ana nthawi yaitali, kenaka akufotokoza pokwerera basi ya ku Chelstone.

Loweruka
Ntchito ya theka la tsiku. Akulongedza khushoni, kapu, ndi kaburashi kotsukira zilembo. Taipilaita aipukuta n'kuifunditsa nsalu yake. Ndikuyamba kufotokoza kuti mwina vuto linali la mphunzitsi. Akuti ndisiye, tiyi akuzizira.

Lamulungu
Ku tchalitchi, ku Kabwata. Woimba limba wadwala, ndiye pakhala Ba Sakala. Ndikuyang'ana manja awo: zala zitatu kumanja, ziwiri kumanzere, zonse pamodzi, mapazi akupopanso.
Panja ndikuwafunsa modekha kuti zatheka bwanji. Akundiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Imwe, ija ni nyimbo. Pa nchito munthu afunika mwambo."
Ndinali ndi yankho labwino, lalitali. Ndalimeza. Mawa desiki la pambali panga likhala la makina.