Msana wa a Chimtengo ndi Pepani wa ku Loji

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo khalani pansi, musamangoyendayenda ngati mwini nkhaniyi.

Ku Mponela kunali mmisiri wa matabwa, a Chimtengo, munthu wosakhazikika, woti akakhala pampando pang'ono ankadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Kutatsala milungu itatu kuti mwana wawo Esinati akwatiwe, iwo anali atalengeza kale pamsika ponse kuti paukwatiwo adzavina mpaka anyamata achite manyazi. Ndiye tsiku lina ponyamula chitseko cha mbawa, msana unangoti khe! Anakhala pansi pa utuchi, thukuta lili kamukamu.

Kuchipatala anawatumiza kwa Mayi Namondwe, odziwa kutikita minofu ya anthu ovulala. Mayiwo anayamba ndi mafunso: popweteka ndi pati, zinayamba bwanji, dzanzi likufika kumwendo? Kenako anawagoneka chafufumimba n'kudinikiza chala chachikulu penipeni pa ululu.

"Mayo ine! Mukundipha!"

"Ndapapeza. Mnofu wakungika apa. Muzibwera kawiri pamlungu, ndipo kunyumba muziwongola thupi mmene ndikuonetsereni."

"Osanena n'komwe pepani?"

"Mwadzera pepani kapena msana, bambo?"

A Chimtengo anatuluka akung'ung'udza, n'kulumbira kuti sadzapondakonso. M'minibasi anamva kuti kuloji ina kuli munthu wotikita thupi mokoma, dzina lake Yotamu, ndipo m'mawa mwake analawirira komweko. Anapeza chipinda chonunkhira mandimu, nyimbo ikulira chapansipansi.

"Pali pomwe pakupweteka, bwana?" anafunsa Yotamu.

"Apa, pamwamba pa chiuno."

"Pepani kwambiri. Pamenepo sindikhudzapo. Ine ntchito yanga n'kuchotsa kutopa basi. Zovulala n'za kuchipatala."

Koma pa mawu onsewo, a Chimtengo anangotolapo pepani. Yotamu anawapaka mafuta, n'kuwasisita mapewa ndi mapazi mpaka analiza mkonono. Anafika kunyumba akutama.

"Uyo ndiye dokotala! Manja ngati thonje, ulemu wosaneneka!"

"Nanga bwanji mukuyendabe chammbali ngati nkhanu?" anafunsa akazi awo, Nagama.

"Iwe, mankhwala abwino amagwira pang'onopang'ono."

Masiku anayamba kuthamanga. Kukhala pansi, msana unkabaya. Kuimirira, unkabaya. Ankangozungulira benchi yawo yopalira matabwa, kunyamula sowo, kuisiya, kukalipira nkhuku, kenako ulendo wa kuloji. Ulendo uliwonse Yotamu ankawachonderera kuti abwerere kuchipatala, koma poti ankayamba ndi "pepani bwana", iwo ankangogwedeza mutu mosangalala n'kugona.

Tsiku la ukwati linafika. Holo inadzaza, zimkuzamawu zikugunda. Atangoitanidwa bambo a mkwatibwi, a Chimtengo analowa m'bwalo atavala suti yotuwa. Anaponya mwendo, anthu n'kululutira. Anagwedeza mapewa, nthungululu zinachuluka. Kenako anawerama kuti atsike mpaka pansi monga ankachitira paunyamata.

Kutsika anatsikadi. Kudzuka ndiye kunakanika.

Anangoti nga, mutu kumawondo, maso ali pa nsapato zawo. Nyimbo inazima. Esinati anathamangira pomwepo akulira, velo ikukwekwereka pansi. Anthu anaunjikana.

"Pepani bambo!" "Pepani achimwene!" "Pepani apongozi!"

Pakati pa khamulo panatulukira mayi wina wa kuchimuna, azakhali a mkwati, akupinda manja a bulauzi. A Chimtengo anawazindikira ndi mawu okha.

"Agonekeni pabenchipo," anatero Mayi Namondwe.

Anadinikiza ndi chigongono, ndipo mfuu ya a Chimtengo inamveka mpaka kumsewu. Anakanda, anakoka mwendo, anakandanso. Patapita kanthawi bambowo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira phewa la mkamwini wawo.

"Lero zovina iwalani," anatero mayiwo. "Mwauchedwetsa nokha msanawu. Lolemba ndikuoneni m'mawa."

A Chimtengo anakhala pampando osadzukapo mpaka ukwati unatha, anyamata aja akuvina pamaso pawo. Pobalalika, anakodola Mayi Namondwe n'kunong'ona:

"Komabe mayi, mwandipweteka pagulu chonchi, simungati pepani ngakhale kamodzi?"

"Holo yonseyi inakupepesani muli chiweramire. Munawongoka?"

Nagama ndiwo anayankha, akuwapatsira ndodo yoyendera, ndipo mawu awowo ndi amene timanena mpaka lero:

"Tiyeni kwathu, bambo a Esinati. Pepani sapoletsa chilonda."