Mbuzi zanga anazigawa ndili moyo

Lemba, Tiyanjane mdzukulu wanga, ndipo usaseke, poti manyazi ndikufuna kunenawa unandiputira ndiwe.

Ine kusukulu sindinapondeko, koma palibe angandiphunzitse kugawa. Mawu amenewa sanabwere ndi aphunzitsi ayi, ndi athu. Anayambira pa nsomba za m'bwato ndi pa nyama ya paukwati. Koma mbuzi za munthu, kwathu kuno zimagawidwa mwini wake atagona kumanda. Basi!

Ndiye tsiku lina ndikupeta mapira kuseri kwa nyumba, ndinamva mpongozi wanga, mayi akowo, akukufunsa pakhonde chapansipansi.

"Agogo ali ndi mbuzi sikisi. Ana awo ndi atatu. Tikagawa, aliyense atenga zingati?"

"Ziwiri!" unatero iwe.

"Agogo atsala ndi zingati?"

"Palibe!"

"Vere gudu!"

Lichero linagwa! Mbuzi zanga ndi sikisi ndithu, ana atatu ndithu. Ndinati ohoo, kani nkhuku anandiphera dzana ija inali yonditsanzika? Nanga tiyi wa shuga wambirimbiri uja? Tsiku limenelo chakudya chawo sindinachilawe.

M'mamawa ndinatsegula khola mwakachetechete, mbuzi zonse patsogolo, ulendo wapansi kwa achimwene anga a Bizeki kwa Tengani, dzuwa likuwamba pamutu.

"Achimwene, ndisungireni izi. Kwathu ayamba kundigawira chuma ndikupuma."

"Nkhabe, sizingatheke! Zoona? Khala pansi, mlongo wanga, wafika kwanu."

Madzulo anandiikira nyama yonona, mbale yodzaza. Ndinadya mpaka kunyambita zala, mumtima ndikuti m'bale ndi m'bale.

Mawa lake mayi ako anatulukira pa kabaza, iwe uli pamiyendo, fumbi lokhalokha.

"Amayi, tafunafuna mudzi wonse! Mwathawiranji?"

"Amake Tiyanjane, mukagawe za amayi anu! Ndinakumvani ndi makutu angawa. Vere gudu, eti?"

"Iii amayi, inali homuweki ya samu! Mwanayu ndikamuwerengera miyala samva. Ndiye ndinati ndiyesere mbuzi zanu, poti amazidziwa ndi maina omwe."

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anaseka mpaka kugwira mtondo. Ine ndinangokonza duku ngati sindinamve, nkuti, "Ndimadziwa kale, ndimafuna mbuzi zione msipu wina. Tsegulani khola tizipita."

Zinatuluka zisanu.

"Achimwene, mfule wanga wonenepa uja ali kuti?"

"Nanga dzulo unkanyambita chiyani? Mlendo wofika ndi mbuzi zake ndikanam'patsa therere? Ntchafu ina tapereka kwa aneba."

Iwe, wopanda manyazi, nkuyamba kupinda zala pamaso pa anthu: "Agogo, sikisi kuchotsera imodzi, faifi! Imeneyo palibe wandiwerengera miyala, koma ndakhoza!"

Lemba chomaliza ichi: ukathawa ogawa ndi pakamwa, umakagwa m'manja mwa ochotsera ndi mpeni.